Tsekwe Wathawa

Mu 1957, ku Toledo,
m'holo yonunkha utoto ndi makhoti onyowa,
ndinali wantchito wa m'nyumba ya a Hargrove
usiku uliwonse kwa masabata khumi ndi anayi.
Mawu anga m'sewero lonselo anali atatu basi:
"Mayi, tsekwe wathawa."
Ndinkalowera kumanzere, kuwalavula, kutuluka,
anthu n'kumaseka ine ndili kale kuseri
ndikumasula nsapato zothina.

Lero mdzukulu wanga Delphine wandikankha pachikuku
m'chipale chofewa cha ku Cincinnati.
Akuti sewero lija alifukula,
alikuntha fumbi, alithira nyimbo,
tsopano ndi opera yoseketsa.
Mtengo wa tikiti imodzi
ndi malipiro anga a mwezi wathunthu nthawi ija.

Wopeka nyimbo ndi kamnyamata ka ndevu zosakhwima,
Tobias Renquist,
kobadwa ine nditayamba kale kugoneka mano m'kapu.
Kagwada pambali panga, kakuti ndi ulemu waukulu.
Ndakauza kuti kandiponda chala.

Makatani atseguka.
Sofa yobiriwira ija ilipo,
koma telefoni ya pakhoma aichotsa,
aliyense ali ndi yake m'thumba,
ndipo kalata yosochera imene inkasokoneza ukwati
yasanduka uthenga wotumizidwa kwa munthu wolakwika.
Palibe kanthu. Bodza silikalamba, limangosintha malaya.

Kenaka ndikumuona: ine.
Mtsikana wa mapewa otakata, epuloni yoyera mbee,
walowera kumanzere komwe kuja,
wakoka mpweya ngati afuna kumeza holo yonse.
"Maaayi..."
Liwu limodzi lokhalo latenga nthawi
imene ine ndinkavulira nsapato zonse ziwiri.
"Tsekwe" wakwera makwerero, watsika, wakweranso,
mavayolini ali pambuyo pake liwiro la mtondo wadooka,
lipenga lalitali likulira m'dzenje la oimba
ngati tsekwe weniweni amene wamva mpeni ukunoledwa.
Alendo a ukwati afunsa onse pamodzi: Wathawa? Wathawa?
Wathawadi!
Mphindi zinayi. Ndawerenga pawotchi ya Delphine.

Ndinabwera nawo mkwiyo, musandione chonchi.
Ndinaupinda bwinobwino m'chikwama
pamodzi ndi mankhwala a mtima.
Koma nthiti zandipereka.
Ndaseka mpaka mayi wa chipewa kutsogoloku watembenuka.
Kuseka kuja ndinkangokumvera kuseri kwa matabwa,
lero ndakhala pakati pake
ndipo n'kofunda.

Chinthu chimodzi chokha sanachipeze.
Wendell, amene ankasewera bambo wa nyumbayo,
sankafulumira kuyankha.
Ine ndikati "wathawa,"
iye ankaika supuni pansi pang'onopang'ono
n'kuyang'ana pazenera lojambula pansalu
ngati akumusirira tsekweyo.
Sizinalembedwe m'buku lililonse.
Anazitola yekha Lachiwiri lina
atachokera kufakitale ya magalasi, chigamba chili pachala.
Ankati chaka chamawa ndipita ku New York.
Tinamuika mu 1990, ku Toledo komweko,
fakitale ikuoneka kuseri kwa mpanda wa manda.
Pamalo pa chete wake uja aikapo ng'oma.
Ng'oma yabwino ndithu.
Koma ng'oma.

Zitatha andikankhira kuseri,
pakati pa zingwe ndi zitseko zopanda nyumba.
Mtsikana uja, Marisol, thukuta lili chuchuchu,
wandigwira manja onse awiri,
akufunsa ngati sanandichititse manyazi.
Ndati: mwana iwe, tsekwe wako ndi waulesi,
wanga bwenzi atafika kale ku Michigan.
Waseka ndi liwu lake lapamwamba lija
mpaka mnyamata wa magetsi wagwetsa chipewa.

Ndinafuna kumuuza za supuni.
Ndinafuna kumuuza kuti apemphe kamnyamata kaja
katontholetse ng'oma kwa mpweya umodzi wokha.
Koma maso anga atsika pansi
ndipo mawu andithawa nawonso:
wavula kale nsapato,
wazikolowetsa pachala,
mapazi ake akupuma pasimenti yozizira.